Cigubu ca pa mjigo cinafika ku Florida

Kwathu kuno ku Petauke, munthu akafuna madzi m'mwezi wa October sacezera pa mjigo usiku wonse. Amalawira tambala woyamba, n'kuika cigubu cake pa mzere, n'kubwerera kukagona. Cigubuco ndiye munthuyo. Palibe amacisuntha, ndipo amene angayese kucilumpha adzamva pakamwa pa azimai a mudzi wonse. Ku cigayo timaika thumba, ku kiliniki timaika kabuku ka sikelo, ndipo pamene palibe coika timauza wa kutsogolo kuti, "Ndili pambuyo panu," n'kupita kukagula vitumbuwa. Tinakula tikudziwa kuti mzere uli ndi malamulo ake. Cimene sitinali kudziwa n'cakuti kutsidya kwa nyanja kuli anthu amene anatenga nzeru ya cigubu imeneyi, n'kuilowetsa mu foni, n'kuyamba kuigulitsa.

Tinazidziwa mu 2024 cifukwa ca asisi athu. Iwo ndi anesi ku England, ndipo ana ao awiri anabadwira komweko, wamkulu wa zaka 11 ndi wamng'ono wa zaka 6. Anawa timawadziwira pa WhatsApp cabe. Kwa zaka 3 asisi ndi alamu anali kusunga ndalama kuti akawaonetse Walt Disney World, pafupi ndi mzinda wa Orlando ku Florida. Kuciyambi kwa June anatitumira foni pakati pa usiku, ali pa nthawi yopuma ku nchito.

"Amalume," anatero, pakuti amatiitana motsatira ana, "inu ku wailesi mumalemba ndandanda ya mapulogramu, mphindi iliyonse ndi zake. Tilembereni ndandanda ya tsiku limodzi ku Magic Kingdom. Ine ndikacoka ku nchito mutu umakhala utauma."

Tinaseka. Makolo athu akamati amalume ndi mwini mbumba anali kukamba za maukwati ndi milandu. Ife mbumba inatipatsa nchito yokonza kuti ana akwere katungwe nthawi yanji. Tinavomera, tikuganiza kuti ndi nchito ya madzulo amodzi.

Inatitengera miyezi iwiri.

Magic Kingdom ndi imodzi mwa mapaki 4 a pamalopo, ndipo ndiyo yakale, inatsegulidwa mu 1971. Ukalipira polowa, zokwera zonse za mkati sulipiranso ndalama, koma umalipira ndi miyendo. Cokwera cochedwa Peter Pan's Flight cimatenga mphindi ngati 3, koma kudikira kwake kawirikawiri kumapitirira ola lathunthu. Munthu wopita wopanda nzeru angathe tsiku lonse akuona msana wa mnzake, n'kubwerako atakwera zinthu zinai.

N'cifukwa cake mu 1999 kampani ya Disney inayambitsa FastPass. Munthu anali kupita pa makina a pafupi ndi cokwera, n'kulowetsa tikiti yake, makinawo n'kumupatsa kapepala kolembedwa nthawi yobwerera. Akabwerera nthawi imeneyo anali kulowera khomo lina, la mzere waufupi. Sanali kulipiritsa. Titawerenga zimenezi tinaomba m'manja: cigubu ceniceni! Ca m'ma 2014 timapepala tija tinatha, zonse zinalowa pa intaneti pa dzina lakuti FastPass+. Munthu anali kusankhiratu zokwera 3 kukali masiku 30, kapena masiku 60 ngati adzagona m'mahotela a Disney. Nazonso zinali zaulere. Mliri wa Covid utatseketsa mapaki mu March 2020, FastPass sinabwerenso. Mu October 2021 kunabwera Genie+, yolipira madola 15 munthu mmodzi pa tsiku, ndipo pambuyo pake mtengo unayamba kukwera ndi kutsika malinga ndi kuculuka kwa anthu.

Tinaphunzira malamulo a Genie+ kwa milungu itatu, tikutha mabandulo amene tinafunika kugwiritsa nchito pokonza pulogramu yathu ya alimi. Titangoti tsopano tamvetsa, tinamva kuti kuyambira pa 24 July 2024 Genie+ idzatha, ndipo kudzabwera Lightning Lane Multi Pass ndi Single Pass. Tinang'amba mapepala onse n'kuyambiranso.

Malamulo atsopano anali otere. Ukagula Multi Pass umasankhiratu zokwera 3 ndi nthawi zake, kukali masiku 7 ngati ugona m'hotela ya Disney, kapena masiku 3 ngati ugona kwina. Asisi anacita lendi nyumba ku Kissimmee cifukwa inali yochipa, conco anali a masiku 3. Pa zitatuzo, cimodzi cokha ndico cingacokere pa gulu la zokwera zochuka kwambiri. Ukakwera coyamba, foni imakulola kusankhanso cina. Ndiye pali zokwera ziwiri, Seven Dwarfs Mine Train ndi TRON Lightcycle Run, zimene sizili mu Multi Pass, ciliconse cili ndi mtengo wakewake. Panthawiyo TRON inalibe ngakhale mzere woti munthu n'kukaimapo. Amene safuna kulipira anafunika kulowa mzere wa mu foni, umene unali kutsegulidwa 7 koloko m'mawa ndi 1 koloko masana, ndipo malo anali kutha m'masekondi.

Tinawerengetsa kuti mu August nthawi ya ku Florida imatsalira maola 6 pambuyo pa yathu. Ndiye kuti 7 koloko yao ndi 13 hours kuno, ndipo 1 koloko yao ndi 19 hours, nthawi imene ife timakhala mu situdiyo tikuwerenga zidziwitso.

Pa nchito yonseyi tinali ndi wotithandiza, mwana wathu wamkazi wa Giredi 4. Pali masamba a pa intaneti amene amaonetsa kutalika kwa mizere ya ku mapaki amenewa nthawi iliyonse, ndipo munthu angawaone ali kulikonse. Iye anatenga kope lake lakale la masamu, n'kulemba mizere ndi rula, ndipo kwa milungu iwiri anali kulemba manambala akaweruka ku sukulu. Caka cimeneco madzi anacepa ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambirimbiri, conco nthawi zina anali kulemba ndi toci. Ndiye anatiuza zimene anaona. Ola loyamba paki ikangotsegulidwa mizere imakhala yaifupi. Dzuwa likakwera imafufuma ngati mtanda wa mandasi mpaka madzulo. Imatsikako anthu akapita kukaonera ligubo la masana ndi zophulikaphulika za usiku, ndipo ola lomaliza imafota. Akatswiri a zimenezi amalemba mabuku athunthu, koma mutu wa nkhani ndi womwewu umene mwana anaupeza m'kope la masamu.

Ndi iye yemwenso anatikumbutsa za msinkhu. Zokwera zothamanga zili ndi muyeso: masentimita 97 pa Seven Dwarfs Mine Train, 112 pa Space Mountain, 122 pa TRON. Tinauza asisi kuti apime wamng'ono pa cimango ca citseko. Anapezeka ndi 118. TRON inamukana akali ku England, ndipo zinali bwino kuti alire kunyumba kusiyana ndi kukalirira pa khomo la cokwera.

Mawa lake tinapeza kacizindikiro ka pensulo pa cimango cathu. Mwana wathu anali atadzipima ndi tepi ya amake yosokera.

"Adadi, ine ndili ndi 127," anatero. "Ine ndingakwere."

Tinangoti, "Inde, mungakwere." Tinalibe cina cokamba.

Funso limene linativuta linali lakuti, kodi tiwauze asisi agule Multi Pass? Kwa anthu 4 inali pafupifupi madola 100 pa tsiku limodzi, pamwamba pa tikiti yolowera. Tinayamba kuwerengetsa ndalamayo m'matumba a unga, koma tinasiyira panjira cifukwa zinali kutipweteka mtima. Komanso tinali titamvetsa mmene zimayendera. Kasitima kamanyamula anthu owerengeka pa ola, kaya alipira kaya sanalipire. Mpando uliwonse wopatsidwa kwa wa mzere wacangu wacotsedwa kwa wa mzere wamba. Kusungitsa malo sikuonjezera mipando, kumangosintha amene adikire. Pa mjigo aliyense ali ndi cigubu, ndipo mtengo wa malo abwino ndi tulo. Kumeneko mtengo ndi madola, ndipo akuluakulu anati liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi.

Koma tisadziyeretse. Nafenso kuno timadziwa anthu amene amalowera khomo la kumbuyo atasiya ya dirinki m'manja mwa wina, enafe tikupsa ndi dzuwa panja. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mtengo walembedwa poyera ndipo amapereka lisiti. Tinauza asisi kuti agule. Munthu amene wasunga ndalama zaka 3 n'kukhala ndi tsiku limodzi cabe, nthawi yake ndi yodula kuposa madola 100. Tinawauzanso kuti za Single Pass azisiye: Seven Dwarfs akakwere m'mawa paki ikangotsegulidwa, TRON akayese mwai pa mzere wa mu foni.

Atafika ku Orlando, kukali masiku atatu, anasungitsa Peter Pan's Flight, Haunted Mansion ndi Pirates of the Caribbean pa nthawi zimene tinalemba. Ndandanda yathu inali ya masamba awiri. Inali ndi nthawi yodya, nthawi yopita ku cimbudzi, ngakhale njira yodutsa pocoka pa cokwera cina kupita pa cina. Tinainyadira ngati pulogramu ya pa Independence.

Tsikulo litafika, 13 hours inatipeza tili pansi pa mtengo wa mango, pamene netiweki imagwira bwino. Uthenga unabwera: TRON yatha, sanapeze malo. Tinati palibe kanthu, padzakhala mwai waciwiri. Kenaka panatulukira colakwa cathu coyamba. Tinalemba kuti afike poimika motoka 8:30, popeza paki inali kutsegulidwa 9 koloko. Tinaiwala kuti ku Magic Kingdom poimika motoka si pa geti. Pakati pali nyanja yaing'ono, ndipo munthu afunika kukwera sitima ya njanji imodzi kapena bwato lalikulu kuti aoloke. Tinali titaziwerenga, koma pa mapu a mu foni nyanjayo inali kuoneka ngati cithaphwi. Analowa 9:25. Pa Seven Dwarfs panali patalembedwa kale mphindi zopitirira 60. Ola lathu la golide linali litapita.

Apa ndi pamene tinalakwa kaciwiri, ndipo kulakwa kwake kunali kwakukulu. M'malo movomera kuti cimodzi caphonyeka, tinafuna kubweza mphindi zonse zotayika. Ku wailesi, nkhani ikadya mphindi ziwiri za pulogramu yotsatira, timadula nyimbo. Tinayamba kudula nyimbo za banja la asisi. "Musaime pa nyumba ya mfumu ija kujambula, mudzajambula madzulo." "Mukacoka pa Peter Pan tsegulani foni, tengani Space Mountain." "Yasowa? Tsekani, tsegulaninso, wina akabweza malo imaonekera." Asisi anali kutumiza zithunzi za zimene foni yao inali kuonetsa, ife tikuyankha, iwo akudina. Zinthu zinali kuyenda. Pofika masana anali atakwera zinthu 5.

Pa 19 hours tinali mu situdiyo, foni titaivundikira pa tebulo. Tikuwerenga cidziwitso ca ng'ombe ziwiri zosowa, inanjenjemera. Tinamaliza cidziwitsoco mtima uli ku Florida, n'kuika nyimbo, n'kusuzumira. Anapeza malo pa TRON. Tinadumpha pa mpando mpaka mnzathu wa pa makina anafunsa ngati ng'ombe zija zapezeka.

Ca m'ma 21 hours, kumeneko ili 3 koloko masana, kunagwa mvula ya ziphaliwali. M'miyezi yotentha ku Florida mvula yotere imagwa pafupifupi masana alionse, ndipo mphezi zikayandikira, zokwera za panja zimaimitsidwa kuti anthu asavulale. Big Thunder Mountain, imene asisi anali atangoisungitsa, inaima. Khamu lonse linathamangira ku zokwera za mkati, mizere yake n'kutupa. Ife tili kunyumba mumdima, foni ili pa power bank, tinayamba kulemba ndandanda yatsopano. Tinatumiza mauthenga 9 motsatizana.

Yankho silinacokere kwa asisi. Unali uthenga wa mau, wocokera kwa mwana wamkulu uja, amene nthawi zonse amatiyankha m'Cizungu tikamukambitsa m'Cinyanja. Tsikulo anayesa cinenero ca amake, cothyokathyoka.

"Amalume, conde lekani. Amama sanatione lero. Aona foni cabe."

Tinaumvetsera katatu. Mwana wathu, amene anakana kukagona, anali kutiyang'ana. Tinaona cimene tinacita. Tinawacotsa pa mzere wa miyendo n'kuwaika pa mzere wa mu foni, umene ulibe mapeto, cifukwa ukangopeza malo amodzi uyamba kusaka ena. Pa mzere wa miyendo mai amakhala atagwira dzanja la mwana. Pa mzere wa mu foni manja onse awiri ali pa nchito.

Tinalemba mau atatu cabe, "Pepani. Ikani m'cikwama," n'kuzima foni.

Zotsala tinazimva m'mawa. Anabisala mvula pa khonde lina, akudya buledi ndi nkhuku zimene asisi anaphika usiku, popeza kumeneko amalola kulowa ndi cakudya cako. Mvula itakata anakwera PeopleMover, kasitima koyenda pang'onopang'ono m'mwamba, kamene sitinakaike n'komwe pa ndandanda cifukwa sitinakaone ngati kanthu. Panalibe mzere wautali. Wamng'ono anakakonda, anakwera katatu, ndipo mpaka lero akafunsidwa za Florida amayamba ndi komweko. Nthawi ya TRON itakwana, alamu anakwera ndi wamkulu, asisi atatsala ndi wamng'ono. Pali lamulo lakuti kholo lotsala ndi mwana wosafika pa muyeso limakwera pambuyo pake osayambiranso mzere, ndipo lingatenge mnzake mmodzi. Conco wamkulu anakwera kawiri.

Usiku, khamu likusonkhana kukaonera zophulikaphulika, iwo analowa mzere wamba wa Seven Dwarfs Mine Train, cokwera cija cinawaphonya m'mawa. Anaima mphindi 45, foni ili m'cikwama. Asisi akuti ndi pamenepo pamene anasimbira ana za mjigo wa kwathu, ndi mmene iwo ali mtsikana anali kudzukira mbandakuca kukaika cigubu. Wamng'ono anafunsa kuti, nanga wina akaba cigubuco? Asisi anayankha kuti palibe angabe, cifukwa aliyense adziwa cigubu ca mnzake. Wamkulu anafunsa ngati mjigowo ulipobe, ndiponso ngati angadzauone. Pa zaka 11 anali asanafunsepo kanthu za kuno.

Sitikukamba kuti kukonzekera n'kopanda nchito. Pakanapanda ndandanda ija, wamng'ono akanalirira pa khomo la TRON, ndipo Peter Pan akanamudikira ola ndi theka dzuwa lili pamutu. Ngati m'bale wanu wa kunja akupemphani thandizo lotere, muuzeni apime ana akali kunyumba. Muuzeni awerenge malamulo a caka comweco, cifukwa amasintha. Muuzeni afike pa geti, osati poimika motoka, paki isanatsegulidwe. Asankhe zokwera zitatu kapena zinai zimene ana sangagone bwino akaziphonya, azimange m'mawa, masana awasiye omasuka cifukwa ca mvula ndi kutopa. Ndipo akasungitsa zake, foni ilowe m'cikwama. Cigubu cimaikidwa pa mzere kuti mwini wake apite kukacita zina. Munthu amene waika cigubu n'kukhala pambali pake akucilonda usiku wonse sanapindule kanthu.

Koma kacizindikiro ka pensulo kaja kanatsala pa cimango. Tsiku lililonse potuluka tinali kukaona. Mwana wathu anadziwa mizere ya Magic Kingdom kuposa ana amene anapitako, ndipo sanatifunsepo kuti ife tidzapita liti. Kusafunsako ndiko kunali kutipweteka.

Caka cotsatira tinayamba kuika pambali pang'onopang'ono, ya mbeu za dimba ndi ya tinchito tojambula mauthenga a malonda. Kuciyambi kwa August 2025 tinakwera basi ya usiku, kuoloka mlatho wa Luangwa, kupita ku Lusaka ku Agricultural and Commercial Show, imene imatha pa Farmers' Day. Tinagona kwa msuweni ku Mtendere. Ku Showgrounds kulibe Lightning Lane, kulibe mzere wa mu foni. Kuli ng'ombe zonenepa, mathirakita, fumbi, ndi mbali ina ya zokwera za ana.

Mwana ndiye anakonza ndandanda, m'kope lomwe lija. Anati tifike geti isanatsegulidwe, tiyambe ndi zokwera anthu akali ocepa, ng'ombe tikazione masana cifukwa ng'ombe zilibe mzere. Zinayenda monga analembera. Pofika 11 hours anali atakwera zonse zimene ndalama yathu inalola, kupatulapo cimodzi cimene anacisunga dala kuti cikhale comaliza.

Titabwerera madzulo, mzere wake unali utakhota kawiri. Tinaima. Foni inali m'thumba, yozima. Patapita kanthawi, mai wina amene anali kumbuyo kwathu, mwana ali kumsana, wina akumukoka citenje kuti afuna ku cimbudzi, anatigwira pa phewa.

"Atate, ndili pambuyo panu," anatero.

Mwana wathu ndiye anayankha ife tisanatsegule pakamwa. "Pitani amai, malo anu alipo." Anavula kacikwama kake ka kumsana, muli kope lija, n'kukaika pansi pamene maiyo anaima. Mzere ukasuntha, anali kukasuntha ndi phazi.